Nthabwala za Izeki ndi Jakobo zisathere kumanda

Inu a pamsika, ndani mwa inu amene sanagwirepo nthiti chifukwa cha Izeki ndi Jakobo? Awiriwa akangotulukira pabwalo, ngakhale munthu woti katundu wake wamuwolera tsiku limenelo ankaiwala za mpamba n'kuyamba kuseka.

Lero onse awiri kulibe. John Nyanga, yemwe anali Izeki, anatisiya mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo uja, anatsatira mu 2021. Anali akuluakulu a gulu la zisudzo la Kwathu, ndipo anaseketsa mtundu wonse m'maholo, pawailesi ndi pakanema.

Funso langa ndi ili: kodi mwana wobadwa lero adzaziwerenga kuti nthabwala zawo?

Ndikufunsa chonchi chifukwa cha mkulu wina wa ku Mangalande, P.G. Wodehouse. Iyeyu anabadwa mu 1881 n'kumwalira mu 1975, koma mpaka pano anthu akugulabe mabuku ake n'kumaseka okhaokha m'basi. Analemba mabuku oposa 90.

Nkhani zake zotchuka zedi n'za anthu awiri. Bertie Wooster ndi bwana wachinyamata, ndalama mbwee, koma mutu mulibe kanthu. Jeeves ndi wantchito wake womusitira zovala. Bwana akadzikola, kaya walonjeza ukwati kwa mkazi yemwe sakumufuna, kaya azakhali ake amukalipira, womuwombola ndi wantchito uja. Ndipo amachita mwaulemu wake, osakweza mawu, mpaka bwana kumaganiza kuti nzeruzo n'zake.

Eti abale, zimenezi n'zachilendo kwa ife? Agogo athu ankatiuza za Kalulu, kanyama kochepa kopusitsa Njovu ndi Mkango. Nawonso Izeki ndi Jakobo ankadyera pomwepo: wina kudzionetsa wozindikira, wina kuoneka wopepera, koma pamapeto pake n'kumadabwa kuti wopusa weniweni ndani.

Kwathu ku Neno a Jeeves oterewa ndi osayamba. Pitani kumapiri a kwa Dambe nthawi yokumba kachewere. Bwana amabwera ndi lole kuchokera ku Limbe, nsapato yonyezimira, chikwama kukhwapa. Mtengo saudziwa, njira saidziwa. Wodziwa zonse ndi mnyamata waganyu wa malaya ong'ambika. Ndiye amanong'oneza kuti thumba ili pansi paikidwa zing'onozing'ono, mlimi uyu musamutsutse mtengo pagulu, njira iyo musadzere mvula ikagwa. Bwana akakana malangizo, lole imatitimira m'matope, ndipo mnyamata uja amangoti: "Pepani bwana, matope a kuno sadziwa kuti ndinu bwana."

Kapena imani pa Zalewa mumvere amayi ogulitsa manachesi akuyankhana ndi okwera minibasi ofuna kutsitsa mtengo. Lilime lawo ndi lakuthwa kuposa lumo, koma wogula amachoka akuseka, ndalama atasiya. Inu nomwe mukudziwa kuti kasitomala woseka sachedwa kupisa m'thumba.

Kusiyana kwathu ndi Wodehouse n'kumodzi basi. Iye ankakhala pansi n'kulemba, kufufuta, kulembanso, mpaka chiganizo chitakhala bwino. Ife nthabwala zathu zimathera mumphepo. Woseketsa wa pamsika akamwalira, timaika m'manda munthu pamodzi ndi nkhokwe yake yonse.

Ena anena kuti makaseti ndi mavidiyo alipo. Zoona, zina za Izeki ndi Jakobo zimapezeka m'mafoni ndi pa intaneti. Koma kaseti imadyedwa ndi wailesi, foni imabedwa pa depoti. Buku limadikira pa shelefu zaka 50 mpaka mdzukulu adzalitsegule.

Kale tinali ndi chifukwa chokhalira chete. Nthawi ya chipani chimodzi bungwe lounika mabuku ndi zisudzo linali maso, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kuseka akuluakulu inali ngozi. Koma chiyambire 1994 pakamwa panatseguka. Tsono tikuopanso ndani?

Pempho langa likupita kwa a Kwathu amene atsala, kwa mabanja a malemu awiriwa, ndi kwa osindikiza mabuku: sonkhanitsani masewero aja, muwalembe m'Chichewa, mutigulitse pamtengo woti wogulitsa tomato akwanitse.

Nanunso a pamsika, kope lolembamo angongole lija lili ndi masamba kumapeto. Mnzanu wa benchi yoyandikana akaponya mawu okugwetsani ndi phwete, lembani tsiku lomwelo.