Thomas Rongen ndi moto wa ku Amsterdam

Amene anakulira kumudzi machesi asanachuluke amaidziwa ntchito yopala moto. Panyumba pakazima, mwana amatumidwa ndi phale kwa anansi kuti akatenge makala awiri kapena atatu. Mwanayo si amene anakoleza motowo. Koma akagwetsa phale panjira, kapena akafika n'kuunjikapo nkhuni zaziwisi, banja lonse ligona ndi njala. Umu ndi mmene tingamvetsere ntchito ya Thomas Rongen, Mdatchi amene anapita ku America kukasewera mpira wamiyendo n'kukhazikika komweko.

Rongen anabadwa mu 1956 mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands. Pamene iye ankakula, mumzindawo munali kuyaka moto umene dziko lonse linkautamanda. Mphunzitsi Rinus Michels wa timu ya Ajax, pamodzi ndi katswiri wake Johan Cruyff, anabweretsa kaseweredwe kotchedwa Total Football. Mfundo yake ndi yosavuta kuinena koma yovuta kuichita. Wosewera sakakamira malo amodzi. Wotchinga kumbuyo akapita kutsogolo, wapakati amatsika kukatseka mpata umene mnzakeyo wasiya. Mpira ukakhala wanu mumamwazikana kuti bwalo likule; ukalandidwa mumaunjirira amene waulandayo nthawi yomweyo kuti asowe popumira. Ndi kaseweredwe kameneka Netherlands inafika mu fainolo ya World Cup mu 1974, ngakhale inagonja 2-1 kwa West Germany.

Rongen sanali Cruyff, ndipo palibe chifukwa chomukometsera. Ankasewera kumbuyo ndi pakati mu timu ya AFC, yomwe si ya osewera olipidwa. Mwayi wake unabwera mu 1979, pamene Michels, yemwe anali atayamba kuphunzitsa Los Angeles Aztecs, anamutenga. Chaka chomwecho Cruyff analowanso timuyo, ndipo mu 1980 awiriwa anakumananso ku Washington Diplomats. Taganizani, mnyamata wa zaka 22 kumva malangizo a Michels tsiku ndi tsiku, n'kumaona ndi maso ake Cruyff akuwachita pabwalo. Apa ndi pamene phale lake linadzaza makala. Kenako anasewerera Fort Lauderdale Strikers ndi Minnesota Strikers.

Ligi imene ankasewerayo, NASL, inatha itangomaliza masewero a 1984. Matimu anali atawononga ndalama zambiri pogula akatswiri akunja, oonerera n'kumachepa. Akatswiri ambiri analongedza n'kubwerera kwawo. Rongen anatsala ku Florida, n'kumaphunzitsa ana a sukulu za sekondale, kenako timu ya Nova Southeastern University. Zaka zimenezi anthu sazitchula kawirikawiri, koma ine ndimaziona zofunika kwambiri. Mayi wodziwa amakwirira chikuni m'phulusa usiku kuti mawa asapitenso kukapala. America inakhala zaka zoposa khumi yopanda ligi yaikulu, ndipo mpira unasungika ndi anthu ngati iyeyu, m'mabwalo a sukulu opanda makamera.

Ligi yatsopano ya MLS itayamba mu 1996, anapatsidwa Tampa Bay Mutiny. Kumeneko nkhuni zinali zouma bwino: pakati panali Carlos Valderrama wa ku Colombia, kutsogolo Roy Lassiter, amene anamwetsa zigoli 27 chaka chimenecho. Timuyo inapeza mapointi ambiri kuposa onse, ndipo Rongen anasankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana wa chakacho. Mu 1999 anatenga chikho cha MLS ndi D.C. United atagonjetsa Los Angeles Galaxy 2-0. Sikuti paliponse zinkayenda. Ku New England Revolution sizinamuyendere, ndipo ku Chivas USA mu 2005 anamuchotsa atangotsogolera masewero 10 n'kupambana amodzi okha. Kaseweredwe kosinthana malo kamafuna osewera odziwana, komanso nthawi, ndipo eni matimu nthawi sakhala nayo.

Ndi achinyamata anapeza malo omuyenera. Anaphunzitsa timu ya United States ya osapitirira zaka 20 kwa zaka zambiri. Mu 2007, pa mpikisano wa dziko lonse ku Canada, anyamata ake, kuphatikizapo Freddy Adu, Jozy Altidore ndi Michael Bradley, anagonjetsa Brazil 2-1 n'kufika mu makotafainolo. Mu 2011 timuyo inalephera kupeza malo mumpikisanowo, ntchito n'kumuthera.

Chaka chomwecho anavomera ntchito imene makochi ambiri akanaikana, yophunzitsa timu ya American Samoa. American Samoa ndi tizilumba ta m'nyanja ya Pacific, timene pa nthawiyo tinali ndi anthu pafupifupi 55,000. Timu yake inali pansi penipeni pa mndandanda wa FIFA, ndipo inkadziwika ndi chinthu chimodzi chokha: kugonja 31-0 kwa Australia mu Epulo 2001, Archie Thompson yekha atamwetsa 13. Inali itagonja masewero 30 motsatizana. Rongen anali ndi masabata ochepa chabe kuti masewero achipulula a World Cup ayambe.

Pano ndiye pali phunziro la ukochi limene limandigwira mtima. Sanafike n'kuyamba kulamula kuti asewere ngati Ajax. Pa tizitsotso towerengeka suikapo chipika. Anayamba ndi zoyambirira: kulimbitsa matupi kuti athe kuthamanga mphindi 90, kuima moyandikana kuti pasakhale mipata, kudziwa wina aliyense kumene ayenera kukhala mpira ukatayika. Anafufuza anyamata a magazi a Samoa okhala ku United States n'kuwaitana. Anabweza pagolo Nicky Salapu, goloboyi yemwe uja anatola mpira mu ukonde ka 31, chifukwa anadziwa kuti bala la timuyo linali pamenepo. Anaika kumbuyo Jaiyah Saelua, yemwe ndi fa'afafine, munthu wobadwa ngati mwamuna amene chikhalidwe cha Samoa chimamulandira kuti akhale ngati mkazi, poona kaseweredwe kake basi. Osewerawo ankapemphera ndi kuimba limodzi, ndipo iye sanazione ngati kutaya nthawi. Rongen nayenso anali ndi chisoni chake, popeza mwana wamkazi wa mkazi wake anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 2004, ndipo wakhala akunena poyera kuti anthu a pachilumbacho anamuthandiza kulira maliro amene anawasunga mumtima.

Mu Novembala 2011, mumzinda wa Apia, American Samoa inagonjetsa Tonga 2-1. Ramin Ott ndi Shalom Luani ndiwo anachinya, ndipo chakumapeto Saelua anachotsa mpira umene unkalowa. Masewero otsatira analepherana 1-1 ndi Cook Islands, kenako anagonja 1-0 kwa Samoa ndi chigoli cha kumapeto, n'kutuluka mumpikisano. Nkhaniyi inajambulidwa mu filimu ya zochitika zenizeni ya Next Goal Wins mu 2014, ndipo mu 2023 Taika Waititi anapanga ina ya dzina lomwelo, Michael Fassbender akusewera ngati Rongen.

Atachoka pachilumbacho anakayang'anira sukulu ya osewera achinyamata ya Toronto FC ku Canada, n'kudzaphunzitsanso Tampa Bay Rowdies kwa kanthawi, kenako anayamba kufotokozera anthu mpira pa wailesi ndi pa TV.