Dzina la Mtsogoleri pa Mutu pa Khanda

Makolo athu sankathamangira kutcha mwana dzina. Ankadikira kuti mchombo ugwe, mwana atuluke m'chikuta, ndipo pamenepo agogo kapena azakhali ankamuninkha dzina la kholo lina lomwe linatsogola kale. Lero kuchipatala cha Bwaila ku Old Town, kalata ya kubadwa imafuna dzina msanga, ndipo ena mwa makolo amatembenukira kwa atsogoleri a ndale ndi omenyera ufulu. Cholinga chawo n'chabwino: afuna kuti mwana adzatengere kulimba mtima kwa mwini dzina. Koma asanalembetse, ayambe aona zimene mzinda wa Lilongwe womwewu wachita ndi maina a atsogoleri.

Chipatala chachikulu cha mumzindawu chinkatchedwa Kamuzu Central. Boma litasintha mu 1994, dzinalo linafufutidwa n'kukhala Lilongwe Central, ndipo bwalo la ndege ku Lumbadzi linaona zomwezo. Mu 2004 Bingu wa Mutharika atalowa m'boma, dzina la Kamuzu linabwereranso pamalo onse awiri, ndipo mu 2006 chiliza chake chinatsegulidwa ku City Centre. Nawo msewu wa Chilambula unasanduka Paul Kagame mu 2007. Zonsezi zinatheka ndi utoto ndi chikwangwani chatsopano. Nanga mwana amene dzina lake lili kale m'kaundula wa sukulu, pa satifiketi ya Fomu 4 ndi pa chiphaso cha unzika, adzamupaka utoto ndani?

Taganizirani bambo amene anatcha mwana wake Chipembere mu 1963, chaka chimene Henry Masauko Chipembere anatuluka m'ndende ya atsamunda anthu akumuimbira m'manja. Mu September 1964 nduna zinasemphana ndi Dr Banda, ndipo Chipembere, Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza ndi mayi Rose Chibambo anayamba kutchedwa zigawenga. Kwa zaka 30 maina awo ankatchulidwa monong'ona, munthu atayamba wacheuka kaye. Mwana uja akanalowa Sitandade 1 atasenza mlandu umene sanaupalamule, ndipo mphunzitsi woitana maina m'mawa uliwonse akanasenza nawo. Chipembere anamwalira ku America mu 1975, Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mayi Chibambo ndiwo anakhala ndi moyo mpaka kuona nkhope yawo pa ndalama ya K200 mu 2012. Mbiri inawatsuka ndithu, koma inachedwa, ndipo ubwana sudikira.

Chodabwitsa n'chakuti maina ambiri amene timawasirira sanachokere kundale. Akuti Kamuzu anatchedwa choncho chifukwa mayi ake anamwa mankhwala a mizu kuti aone mwana. Hastings analitenga yekha kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Masauko ndi dzina la m'nyumba momwe mwadutsa mavuto. Chakufwa, dzina la Chihana amene anamangidwa pa bwalo la ndege la Kamuzu pa 6 April 1992 pobwera kudzalalikira ndale za zipani zambiri, ndi la mtundu umene makolo amapatsa mwana pamene imfa yazungulira pakhomo. Ngakhale Mandela, yemwe mabanja a ku Area 10 ndi Area 43 angamuone ngati wosakayikitsa, kwawo anali Rolihlahla. Nelson anampatsa ndi mphunzitsi wake tsiku loyamba kusukulu.

Tsono ife tikuti dzina la mtsogoleri amene akali pampando n'lobwereka, mwini wake angathe kulidetsa mawa. La amene ntchito yake inatha ndipo yayesedwa ndi zaka, ilo likhoza kupatsidwa kwa mwana, makamaka ngati lili ndi tanthauzo loima palokha m'chinenero chathu. John Chilembwe anaphedwa mu February 1915 atsamunda akumutcha chigawenga, ndipo panapita zaka pafupifupi 80 dziko lisanapatule 15 January kukhala tsiku lake.