Batani ndi Mthenga Chabe: Za Ma Macro M'mabuku Olembamo Anthu Ambiri

Mwezi ukamafika kumapeto, m'maofesi osunga ndalama a masukulu, zipatala, mabungwe ndi makampani mumakhala ntchito imodzi yobwerezedwa nthawi zonse, ndiyo kusanja mayina a antchito, kuchotsera msonkho ndi ngongole, kuwonkhetsa zotsala, ndi kusindikiza pepala loti akuluakulu asainire. Ndipo popeza dzanja la munthu limatopa ndi kuphonya, odziwa bwino Excel anazolowera kale kusonkhanitsa masitepe onsewa kukhala lamulo limodzi lotchedwa macro, n'kulimangirira ku kabatani pamwamba pa sikirini, kuti ntchito ya theka la tsiku izitha ndi kudina kamodzi. Zonse zimayenda mwamtendere kufikira tsiku limene buku la Excel lokhala ndi macroyo liikidwa pa seva kuti anthu anayi kapena asanu azilembamo, pakuti pamenepo m'pamene amayamba kumveka madandaulo odziwika bwino aja: "Akulu, batani lanu lija kuno kwanga silikuoneka," kapena oopsa koposa, "Mayi, ndadina, koma latsegula buku la chaka chatha."

Nkhaniyi ili ndi mizu yakale. Pamene Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa VisiCalc mu 1979, anapatsa alembi pepala lodziwerengera lokha. Lotus 1-2-3, imene inabwera mu 1983, inatchukitsa ma macro, amene panthawiyo anali mndandanda wa makiyi oti adinidwe, wolembedwa m'timabokosi ta pepala lomwelo. Ndipo Microsoft, itatulutsa Excel mu 1985, inadzaikamo chinenero cha VBA mu 1993, chimene kufikira lero ndicho ma macro ambiri a m'maofesi amalembedwera. M'zaka zotsatira munthu aliyense ankatha kudzipangira mzere wake wa mabatani, ndipo amene anagwira ntchito ndi Excel 97 kapena Excel 2003 akukumbukira kankhope kachikasu komwetulira kamene pulogalamuyo inkapereka kwa batani lililonse latsopano, kufikira mwini wake atakasintha.

Koma chimene ambiri sanachizindikire masiku amenewo, ndipo ena sachizindikira ngakhale tsopano, n'chakuti batani lilibe nzeru iliyonse m'kati mwake. Lili ngati mthenga wa kwa mfumu, amene wauzidwa dzina la munthu ndi mudzi wake basi, ndipo adzapita kumudzi womwewo nthawi zonse, ngakhale munthuyo anasamuka kale. Macro inkakhala m'buku, pamene mzere wa mabatani unkasungidwa m'fayilo ina ya mtundu wa .xlb, pa kompyuta ya amene anaupanga. Chotero buku likatumizidwa pa imelo kapena pa fulashi, mabatani ankatsalira, ndipo likakopedwa n'kupatsidwa dzina la mwezi watsopano, batani linkapitabe kukafuna fayilo yakale ku foda yakale. Likapanda kuipeza, uthenga unkatuluka wakuti macro singathe kugwira ntchito, ndipo limenelo ndilo linali tsoka lopepuka, chifukwa linkaonekera. Likaipeza, linkaitsegula n'kuyendetsa malamulo akale pa ziwerengero zatsopano, kotero kuti msonkho ukhoza kuchotsedwa pa mlingo wa chaka chatha popanda wina kutsokomola. Makolo anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ofesi yokhala ndi makope awiri a buku limodzi imadziwa tanthauzo lake.

Excel inkalola kumangirira mzere wa mabatani ku buku kuti ziziyendera limodzi, koma namonso munali msampha, pakuti mzerewo ukangofika pa kompyuta ya mnzako unkakhazikika pomwepo, ndipo mwini wake akaukonza n'kutumizanso, watsopanoyo sankalowa m'malo mwa wakale wa dzina lomwelo.

Mu 2007 Microsoft inachotsa mizere yakale ija n'kuika mzere waukulu wa mabatani wotchedwa Ribbon, ndipo munthu wamba anatsala ndi kamzere kakang'ono kotchedwa Quick Access Toolbar. Pamenepo pali chisankho chimene maso ofulumira amachidumpha: poika batani, pulogalamu imalola kusankha ngati likhale la mabuku onse kapena la buku ili lokha. Wosankha mabuku onse wadzipangira batani la pa kompyuta yake. Wosankha buku lokhalo waliika m'kati mwa fayilo, ndipo lidzaonekera kwa aliyense woitsegula. Chimodzimodzinso pojambula macro, Excel imafunsa kumene isungidwe, ndipo amene aiika m'buku lake lobisika la PERSONAL.XLSB waibisa kwa anzake onse, pamene wosunga fayilo monga .xlsx m'malo mwa .xlsm, atanyalanyaza chenjezo limene limatuluka, wataya ma macro ake ndi dzanja lake lomwe.

Tsono buku likakhala la anthu ambiri panthawi imodzi, malamulo amakhwima. M'njira yakale yotchedwa Shared Workbook, macro imene inalembedwa kale imatha kuyenda, koma palibe angaione m'kati kapena kuikonza kufikira bukulo litachotsedwa m'manja mwa gulu; ndipo wochita zimenezo anzake asanasunge ntchito yawo amawatsekera kunja, nafafanizanso mbiri yonse ya amene anasintha chiyani. Ntchito zina, monga kuchotsa tsamba lathunthu, kuphatikiza timabokosi, kapena kukiya ndi kukiyula tsamba, n'zoletsedwa m'buku lotere, choncho macro imene inkayenda bwino kwa mwini wake imaima pakati panjira, itachita theka la ntchito. Masiku ano Microsoft imalimbikitsa kulembera limodzi kudzera pa OneDrive kapena SharePoint, koma Excel yotsegulidwa pa intaneti siyendetsa ma macro a VBA, ndipo ili ndi njira yakeyake ya Office Scripts. Nayonso Google Sheets, imene inayamba kulola kujambula ma macro mu 2018, imagwiritsa ntchito Apps Script. Chotero anthu awiri akhoza kutsegula buku limodzi pa ola limodzi, wina batani n'kumumvera, wina n'kumukanira, popanda wolakwa pakati pawo.

Amisiri a ntchitoyi amatchula njira zitatu zopewera mavutowa. Yoyamba, imenenso ili yapafupi, ndiyo kujambula batani pa tsamba lenilenilo, pambali pa ziwerengero, n'kulipatsa macro ya m'buku lomwelo, kuti kumene buku lipita, batani lipitenso. Yachiwiri ndiyo kulemba malamulo oti bukulo lizidzipangira mabatani ake potsegulidwa ndi kuwachotsa potsekedwa, kuti pasatsale batani lamasiye loloza kufayilo yakale. Yachitatu, yoyenera ofesi yokhala ndi mabuku ambiri ofuna ma macro ofanana, ndiyo kuwatulutsa onse n'kuwaika m'fayilo imodzi ya mtundu wa .xlam, yosungidwa pa seva m'foda imene onse angawerenge koma mmodzi yekha angalembemo, kuti mlingo wa msonkho ukasintha ukonzedwe pamalo amodzi. Ndipo njira iliyonse imene ofesi isankhe, ikumbukire kuti macro ikangosintha zinthu pa tsamba, batani la Undo silibweza zimene zachitika. Madzi akatayika sawoleka, choncho batani lofafaniza kapena lotseka mwezi liyenera kufunsa kaye, ndi kusunga kope lisanakhudze kanthu.

Palinso chifukwa chimene Excel imakayikira macro iliyonse yachilendo. Mu 1996 kunatuluka Laroux, vayirasi yoyamba kudziwika yofalikira m'ma macro a Excel, ndipo mu March 1999 Melissa, yobisala m'fayilo ya Word, inadzitumiza yokha kwa anthu 50 oyamba a m'buku la maadiresi la aliyense woitsegula, kufikira makampani ena aakulu anatseka imelo yawo. Kuyambira mu 2022, Office imatsekereza ma macro a m'mafayilo ochokera pa intaneti, n'kuonetsa mzere wofiira pamwamba. Mlembi wopanikizidwa ndi nthawi amaona mzerewo monga chopinga, nafuna woti amuchotsere msanga. Koma ofesi imene izoloweretsa antchito ake kuvomera chenjezo lililonse, kuti batani la malipiro ligwire ntchito, yatsegula khomo limene tsiku lina wakuba adzaloweramo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Njira yolongosoka ndiyo yakuti woyang'anira makompyuta asankhe foda imodzi yodalirika, kapena asainire ma macro ndi chidindo cha digito, kuti chenjezo likatuluka anthu adziwe kuti pali chifukwa.

Pamapeto pake, funso lalikulu si la pulogalamu, koma la udindo. Kawirikawiri batani limapangidwa ndi mnyamata kapena mtsikana mmodzi wanzeru, amene patapita zaka zingapo apeza ntchito kwina, nasiya anzake akudina chinthu chimene palibe adziwa kumene chiloza kapena zimene chichita. Chifukwa chake buku lililonse lolembamo anthu ambiri liyenera kukhala ndi tsamba loyamba lonena momveka kuti batani lililonse lichita chiyani, macro yake isungidwa kuti, anaikonza komaliza ndani ndi liti, ndiponso ndani yekha ali ndi chilolezo choisintha. Kulemba tsamba lotere kungatenge ola limodzi, ndipo wolowa m'malo adzayambira pamenepo, osati pa kufufuza mafoda akale malipiro a anthu atachedwa kale.