Wakhungu Sanacimwe, Musamtsekere M'nyumba

Wolemba Mtolankhani Wathu, ku Luangwa Boma

Pa Boma la Luangwa, pamene kale pankachedwa Feira, mtsinje wa Luangwa umathira m'Zambezi. Munthu ataima pa doko amaona Zumbo wa ku Mozambique patsidya, asodzi akupalasa mabwato, ndi mvuu zikuyandama. Koma m'midzi ya Mfumu Yaikulu Mburuma ndi Mfumu Mphuka muli anzathu ena amene zonsezi amangozimva ndi makutu, cifukwa maso ao anacita khungu.

Munthu akacita khungu, kapena mwana akabadwa wosaona, funso loyamba pamudzi limakhala lakuti: wamlodza ndani? Enanso amanong'onezana kuti makolo ake analakwira mizimu. Funsoli nlakale. M'buku la Yohane, mutu 9, ophunzira a Yesu atakumana ndi munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa ngati wocimwa anali iyeyo kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Sanataye nthawi ndi kufunafuna wolakwa. Anakanda thope ndi malovu, nampaka m'maso, namtuma kukasamba ku thamanda la Siloamu, ndipo munthuyo anabwerako akupenya.

Cocititsa cidwi ndi cimene cinatsatira. Afarisi, anthu ophunzira a maso awiri abwinobwino, anakana kukhulupirira cimene cinali pamaso pao. Anamfunsa munthuyo kawiri konse, anaitanitsa makolo ake, potsiriza anamthamangitsa. Wopemphapempha uja ndiye anazindikira kuti Yesu ndani. Nanga pa anthu amenewa, wakhungu weniweni anali uti?

Ifenso nthawi zambiri timafunafuna mfiti pamene mdani ali pakhomo. Khungu lambiri la okalamba limadza ndi ng'ala, imene imayeretsa diso ngati mkaka. Ng'ala si matsenga ai. Madokotala amaicotsa ndi opaleshoni yaifupi, gogo nkuyambanso kuona adzukulu ake. Inanso ndi nthenda yochedwa trachoma, yokonda malo otentha ndi afumbi monga cigwa cathu cino. Imafala ndi nchenche, manja akuda ndiponso nsalu zopukutira kumaso. Ikabwerezabwereza, nsidze zimapindikira m'kati ndi kumakanda diso kufikira litafa. Kusambitsa ana kumaso tsiku ndi tsiku ndi kukumba zimbudzi kumaicepetsa kwambiri. Anansi athu a ku Malawi anaigonjetsa, ndipo bungwe la WHO linatsimikiza zimenezi m'caka ca 2022.

Tsono diso likayamba kuvuta, musathiremo madzi a zitsamba, pakuti ena amaocha diso limene likadacira. Pitani ku cipatala ca Boma kapena ca mishoni ku Katondwe. Zikakanika kumeneko, adzakutumizani ku cipatala cacikulu ca UTH ku Lusaka.

Komabe alipo ena amene maso ao sadzatseguka, ndipo apa ndi pamene cikhristu cathu cimayesedwa. Mabanja ena amasiya mwana wotere m'nyumba tsiku lonse, anzake ali ku sukulu, ati kuopa manyazi. Amampatsa nsima, inde, koma munthu si mbuzi yoti ukaidyetsa basi watha. Pa mishoni ya Magwero, pafupi ndi Chipata, a mpingo wa Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa akhungu m'caka ca 1905, ndipo amene anayambitsa nchitoyo ndi Mai Issie Hofmeyr. Ana akhungu amawerenga ndi nsonga za zala zilembo za Braille, zimene zimapangidwa ndi timadontho totumphuka tosapitirira 6. Akuluakulu akukumbukira Bambo Lazarus Tembo, woimba wakhungu wa kum'mawa, amene nyimbo zace zinkamveka pa wailesi, ndipo pambuyo pace anakhala nduna yaing'ono m'boma la Dr Kenneth Kaunda. Akadatsekeredwa m'nyumba, ndani akadamdziwa?

Lamulo la anthu olemala la m'caka ca 2012 likuletsa kusala munthu cifukwa ca cilema cace, ngakhale pa maphunziro. Makolo amene ali ndi mwana wosaona akaonane ndi aphunzitsi akulu a sukulu ya pafupi, kapena a ofesi ya maphunziro pa Boma, kuti awauze sukulu imene ingamlandire. Akulu a mipingo nawonso asankhe anyamata oti azikatenga akhungu kunyumba Lamulungu m'mawa ndi kuwaperekezanso mapemphero akatha.