Norfolk: Dera Lomwe Alendo Amalipira Kuti Aone Ntchito za Alimi

Tikamva kuti wina wapita kukacheza ku England, maganizo athu amathamangira ku London, ku nyumba zitalizitali ndi magalimoto osatha. Koma sabata ino, alimi anzanga, tiyeni mzindawo tiusiye kumbuyo. Tikwere sitima ya pamtunda pa siteshoni ya Liverpool Street, tilunjike kumpoto chakum'mawa. Pakatha maola pafupifupi awiri tifika ku Norwich, likulu la chigawo cha Norfolk.

Norfolk ndi dera la alimi. Kukula kwake ndi mahekitala oposa 500,000 ndipo ndi lachidikha zedi, moti malo okwera kwambiri, otchedwa Beacon Hill, angopitirira pang'ono mamita 100 kuchokera pa nyanja. Kulibe mapiri, kulibe mathithi. Kulikonse komwe ungaponye maso ndi minda ya tirigu, balele, mbatata ya kachewere ndi beet, mbewu ya mizu yomwe amapangira shuga. Komabe chaka ndi chaka alendo miyandamiyanda amakhamukira kuderali. Nanga amakaonako chiyani?

Yankho lake ndi lakuti zambiri zomwe alendo amakaona ku Norfolk zinapangidwa ndi manja a alimi ndi anthu aganyu, ena a iwo osadziwa n'komwe kuti tsiku lina ntchito yawo idzasanduka chokopa alendo. Tiyeni tiyendere malowa amodziamodzi.

Holkham: kwawo kwa kasinthasintha wa mbewu

Kumpoto kwa chigawochi, pafupi ndi tauni ya Wells-next-the-Sea, kuli chinyumba chotchedwa Holkham Hall chomwe chinamangidwa pakati pa 1734 ndi 1764. Malo ake ndi maekala pafupifupi 25,000. Alendo amalowa m'nyumbamo kukaona zithunzi ndi ziboliboli, amayendera dimba la maekala 6 lozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa, ndiponso amaonerera agwape akudya msipu momasuka.

Koma mlimi akafika pamalopa asachoke asanaone chipilala chachitali mamita oposa 30 chomwe chili m'nkhalango yapafupi. M'munsi mwake anasemamo ng'ombe, nkhosa, pulawo ndi makina ofesera mbewu, ndipo pamwamba pake anaikapo mtolo wa tirigu. Anachimanga m'zaka za m'ma 1840 pokumbukira Thomas William Coke, yemwe analandira malowa ngati cholowa mu 1776.

Nthaka ya kumeneko ndi yamchenga, yosachedwa kuguga. Coke ankalimbikitsa alimi ochita lendi pa malo ake kuthira dothi lamakande losakanikira ndi laimu, kuweta nkhosa ndi ng'ombe zamakono, komanso kusinthasintha mbewu. Ankawapatsa mapangano a zaka zambiri, ena mpaka 21, podziwa kuti munthu sangasamale munda womwe angalandidwe chaka chamawa. Chaka chilichonse pa nthawi yometa nkhosa ankaitana alimi kudzayendera minda ndi makola kwa masiku angapo. Misonkhanoyi inatha mu 1821, ndipo ambiri amati ndiyo inabala zionetsero za ulimi zomwe tikuzidziwa lero.

Kasinthasintha wake anali wa zaka zinayi. Chaka choyamba tirigu. Chachiwiri turnip, mbewu ya m'gulu la mpiru koma ya muzu wonenepa. Chachitatu balele. Chachinayi clover, kambewu ka m'gulu la nyemba komwe kamabwezeretsa chonde m'nthaka. Kale mlimi ankagoneka munda chaka chimodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo ziweto zambiri ankazipha nyengo yozizira ikamayandikira kaamba kosowa chozidyetsa. Turnip ndi clover zitabwera, munda unaleka kugona, ziweto zinapeza chakudya chaka chonse, manyowa anachuluka, ndipo tirigu anayamba kubereka bwino.

Tinene chilungamo: nzeruyi sanaiyambitse Coke. Inachokera kwa alimi a ku Flanders, tsidya lina la nyanja, ndipo Charles Townshend wa ku Raynham Hall, m'chigawo chomwechi, anali ataitchukitsa kale atasiya ndale mu 1730. Iyeyu ankakamba za turnip kosalekeza mpaka anthu anamutcha Turnip Townshend.

Gressenhall: mbali ina ya nkhaniyi

Amene waona ulemerero wa Holkham ayenera kupitanso ku Gressenhall, pafupi ndi tauni ya Dereham, kuti akamve mbali inayo. Ulimi watsopanowu unalemeretsa eni minda, koma aganyu omwe ankagwira khasu ndi chikwakwa anatsalabe pa umphawi. Munthu akakalamba, akadwala kapena ganyu akasowa, ankathera m'nyumba zosungiramo amphawi zomwe ankagwiramo ntchito kuti apatsidwe chakudya ndi pogona.

Nyumba ya ku Gressenhall inamangidwa mu 1777. Lamulo latsopano la amphawi litakhazikitsidwa mu 1834, moyo wa m'nyumba zoterezi anaukhwimitsa mwadala kuti anthu aziopa kulowamo. Banja likafika ankalipatula, bambo kwake, mayi kwake, ana kwawo. Mu 1976 nyumbayi inasanduka malo osungiramo zinthu zakale. Lero alendo amaona zipinda zogona, mochapira zovala, kalasi ya ana komanso zipangizo za ulimi za makedzana.

Tsidya lina la msewu kuli munda womwe amalimabe ndi akavalo amphamvu a mtundu wa Suffolk Punch. Amasunganso ziweto za makolo monga ng'ombe zofiira zopanda nyanga za Red Poll, nkhumba zakuda za Large Black ndi nkhosa za Norfolk Horn. Nkhosa zimenezi zinatsala pang'ono kutheratu alimi atazitaya n'kuthamangira mitundu yonenepa msanga. Lero ana asukulu amabwera pa mabasi kudzaona zomwe agogo awo ankaziyesa zachabechabe.

Broads: nyanja zokumbidwa ndi anthu

Kum'mawa kwa Norwich kuli dera la madambo, mitsinje ndi tinyanja toposa 60 lotchedwa Broads. Muli njira za pamadzi zotalika makilomita pafupifupi 200. Mabanja amachita hayala boti ku Wroxham kapena ku Potter Heigham, ena kwa tsiku limodzi, ena kwa sabata yathunthu, n'kumagona ndi kuphika m'botimo. Amawedza, amaonera mbalame, ndipo amwayi amaona gulugufe wamkulu wotchedwa swallowtail yemwe m'dziko lonse la Britain amaswana kokhako.

Kwa zaka zambiri anthu ophunzira ankakhulupirira kuti tinyanjati n'tachilengedwe. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wa zomera, mayi Joyce Lambert, anaboola pansi m'malo ambirimbiri n'kupeza kuti m'mbali mwa tinyanjati ndi mowongoka ngati khoma, ndipo pansi pake ndi posalala. Zinadziwika tsono kuti awa ndi maenje omwe anthu anakumba pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1300 pofuna peat, dothi lakuda la zomera zowola lomwe likauma limayaka ngati nkhuni. Madzi atakwera, maenjewo anadzaza.

M'mbali mwa mitsinje mwaima makina akale oyendera mphepo, monga a ku Horsey, omwe ankapopa madzi m'madambo kuti ng'ombe zipeze msipu. Mpaka lero alipo anthu omwe amadula bango m'nyengo yozizira n'kumagulitsa kwa ofolera nyumba, pakuti ku England denga la bango ndi la anthu opeza bwino.

Derali laonanso mavuto obwera ndi alimi. Nyama yonga khoswe wamkulu yotchedwa coypu, yomwe anabwera nayo kuchokera ku South America kuti aziiweta chifukwa cha ubweya wake, inathawa m'makola n'kuyamba kuboola magombe a mitsinje ndi kuononga mbewu. Boma linalemba anthu otchera misampha ndipo nkhondoyo inatha mu 1989. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunabukanso mkangano pa madambo a Halvergate, pomwe alimi ena ankafuna kuumitsa dambo kuti adzalemo tirigu. Mu 1985 boma linayamba kulipira alimi kuti asiye dambolo likhale msipu wa ng'ombe. Njirayi inafalikira m'madera ena a dzikolo kuyambira mu 1987. Akanalima dambo lija, bwenzi lero alendo alibe choona.

Kugombe la nyanja yamchere

Norfolk wazunguliridwa ndi nyanja ya North Sea kumpoto ndi kum'mawa. Ku Blakeney Point, malo omwe bungwe la National Trust lakhala likusamala kuyambira mu 1912, kumaswana nyama za m'madzi zotchedwa seal. Nyamazi zimayamwitsa ana, zili ndi zipsepse m'malo mwa miyendo, ndipo zimatuluka kudzaberekera pamchenga. Mu 2001 kunabadwa ana 25 okha, koma pofika 2019 chiwerengerocho chinaposa 3,000 pa chaka. Alendo amakwera maboti pa doko la Morston kukaziona.

M'nyengo yozizira kumabwera atsekwe zikwizikwi ochokera ku Iceland ndi Greenland. Usiku amagona kugombe, masana amakatola zotsalira za beet m'minda yomwe akolola kale. Alimi ena amachedwetsa dala kugaula mindayo, podziwa kuti atsekwe akakhuta zotsalira salowa m'munda wa tirigu wongomera kumene.

Tauni ya Cromer ndi yotchuka ndi nkhanu zake zokoma komanso mlatho wolowa m'nyanja womwe unatsegulidwa mu 1901. Kumeneko amakumbukiranso Henry Blogg, mkulu wa boti lopulumutsa anthu, yemwe pamodzi ndi anzake anapulumutsa miyoyo 873 pa zaka 53.

Malo ena ndi nyengo yake

Kumadzulo kwa chigawochi kuli Sandringham, nyumba ya kumudzi ya banja lachifumu, yomwe inagulidwa mu 1862. Mfumu George VI inamwalirira komweko mu 1952, ndipo nyumbayi inatsegulidwa kwa anthu wamba mu 1977. Malo ake ndi maekala pafupifupi 20,000 a minda ndi nkhalango. Pafupi pomwepo, ku Heacham, akhala akulima maluwa onunkhira a lavender kuyambira mu 1932. Amagulitsa mafuta, sopo ndi mbande, ndipo m'mwezi wa Julayi anthu amadzaza kudzaona munda utachita maluwa.

Kumapeto kwa Juni kumachitika Royal Norfolk Show, chionetsero cha masiku awiri pafupi ndi Norwich, chokonzedwa ndi bungwe la alimi lomwe linayamba mu 1847. Mu Norwich momwemo muli tchalitchi chachikulu chomwe anayamba kumanga mu 1096, cha nsanja yotalika mamita 96, komanso msika womwe wakhala pamalo amodzimodzi zaka zoposa 900. M'midzi ya Norfolk mwatsala matchalitchi akalekale oposa 600, ambiri omangidwa ndi chuma cha ubweya wa nkhosa ndi nsalu.

Wofuna kupitako adziwe kuti kumeneko kumatentha kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo ndiyo nthawi ya maboti ndi zionetsero. Ana a seal amabadwa kuyambira Novembala mpaka Januwale. Nyumba zikuluzikulu zambiri zimatsekedwa m'nyengo yozizira, choncho ndi bwino kufunsiratu. Kuyenda pansi m'njira ya m'mbali mwa gombe ndi kwaulere, koma kulowa m'nyumbazi ndi kuimika galimoto n'kolipira.

Nyanja ikudya mtunda

Zonsezi zili pa chiopsezo chimodzi. Dziko la Norfolk ndi lotsika, ndipo magombe ake ambiri ndi a dothi lofewa ndi mchenga. Usiku wa pa 31 Januwale 1953 nyanja inasefukira n'kupha anthu 100 m'chigawochi, ziweto zosawerengeka zinamira, ndipo minda inalowa mchere. Mu Disembala 2013 mafunde anagwetsera nyumba zingapo m'nyanja ku Hemsby.

Pa mudzi wa Happisburgh nyanja yameza kale nyumba, msewu ndi minda. Mu 2013 mafunde atakokolola mchenga pagombe la mudziwu panaoneka mapazi a anthu omwe anayendapo zaka zoposa 800,000 zapitazo. Akatswiri anathamanga kukawajambula, ndipo pasanathe masabata awiri nyanja yomweyo inawafufuta. Mu 2019 anathira mchenga wokwana makiyubiki mita 1.8 miliyoni pagombe la Bacton pofuna kuteteza malo olandirira gasi ndi midzi iwiri yoyandikana nawo. Koma si mudzi uliwonse womwe ungapeze chitetezo chotere. Ndipo madzi amchere akamalowa kawirikawiri m'mitsinje ya Broads, nsomba zimafa, bango ndi msipu zimaonongeka.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Anthu a ku Norfolk akhala akulimbana ndi madzi zaka mazanamazana, kwina kuwapopa, kwina kuwatchinga, kwina kuwagonjera. Maenje a okumba peat, akavalo olima, dambo lomwe analeka kuliumitsa, nkhosa zomwe zinatsala pang'ono kutha: izi ndizo zikudyetsa mahotela, eni maboti ndi ogulitsa nkhanu lero. Zikadzapita, mlendo adzapita kwina. Mlimi yekha ndiye adzatsale ndi munda wa mchere.