Kampata kobisika m'kati mwa tchaja ndi wailesi

Pa msika wa Mitundu, kapena pa Nathenje m'mphepete mwa msewu wa M1, simungasowe benchi ya mnyamata wokonza mafoni ndi mawailesi. Pansi pa benchiyo pamakhala katoni yodzaza matchaja opsa, ma inverter a sola amene anafa kalekale ndi mabodi a TV zakale. Iye sataya kanthu. M'tchaja yopsa amachotsamo kathiransifoma kokulungidwa ndi tepi yachikasu, ndipo akakamatula amapeza tizidutswa tiwiri takuda, tooneka ngati chilembo cha E, toyang'anizana. Miyendo yam'mbali imagundana bwinobwino, koma mwendo wapakati ndi waufupi pang'ono, moti pamatsala mpata wolowa kapepala. Ambiri amati afakitale analakwitsa. Ine, amene ntchito yanga ndi kukulunga mathiransifoma otere, ndinene poyera: kampatako anakapala dala ndi makina, ndipo kukatseka n'kupha tchajayo.

Tizidutswa takudato ndi ferrite. Amaipanga ndi ufa wa dzimbiri lachitsulo wosakaniza ndi manganese ndi zinc, kapena nickel ndi zinc, n'kuuwotcha m'ng'anjo mpaka kuuma gwa. N'chifukwa chake ikagwa pasimenti imasweka. Anaitulukira mu 1930 ndi Yogoro Kato ndi Takeshi Takei a ku Tokyo, ndipo kampani ya TDK inakhazikitsidwa mu 1935 kuti iziipanga. Kandodo kakuda kamene kali m'wailesi yakale ya agogo, kokulungidwa waya wa kopa, ndi ferrite yomweyo.

Magetsi a ESCOM amatembenuka ka 50 pa sekondi, ndipo pa liwiro limenelo mapepala achitsulo a m'thiransifoma yapapolo amakwana. Tchaja yafoni imayatsa ndi kuzimitsa magetsi kambirimbiri, pakati pa ka 50,000 ndi ka 100,000 pa sekondi. Chitsulo wamba chikhoza kutentha zedi pamenepo, pomwe ferrite imapirira chifukwa magetsi sayenda mosavuta m'thupi mwake.

Koma ili ndi chofooka chake, imakhuta msanga. Mphamvu ya maginito timaiyeza ndi muyeso wa tesla. Chitsulo chimafika pa 1.5 tesla chisanakhute, pamene ferrite imathera cha m'ma 0.4. Zili ngati nthaka ya m'dambo m'mwezi wa Febuluwale: ikakhuta madzi, mvula ina yonse imangothamanga pamwamba n'kukakokolola munda. Ferrite ikakhuta, koyilo imasiya kutchinga magetsi, imasanduka waya wamba, magetsi amakhamukira m'thiranzisita yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi ndipo mumangomva kuti thu, kafungo n'kudzaza shopu yonse.

Apa ndiye pagona nkhani. Thiransifoma ya m'tchaja siingodutsitsa mphamvu ayi. Imayamba yaisunga pamene thiranzisita yayatsa, kenako imaitulutsira ku foni thiranzisita ikazima. Ndiye imaisunga kuti? Tiyeni tiwerengere. Ferrite ya m'tchaja imalola maginito kudutsa mosavuta kuposa mpweya pafupifupi ka 2,000. Ngati njira ya maginito kuzungulira tizidutswa tija ndi mamilimita 50, kuvuta kwa njira yonseyo n'kofanana ndi mamilimita 0.025 okha a mpweya. Tsono ikanipo mpata wa mamilimita 0.5. Kampata kameneka n'kovuta kudutsa ka 20 kuposa ferrite yonse, choncho magawo oposa 90 pa 100 alionse a mphamvu yosungidwa amakhala m'kampatamo, mopanda kanthu mmene muli. Pofuna kukhutitsa ferrite yokhala ndi mpata pamafunika magetsi ochuluka kwambiri, ndipo tchaja sifikako.

Inverter ya sola, imene imasintha mavoti 12 a batire kukhala magetsi a m'nyumba, ndi nkhani ina. Mathiranzisita ake amakankha mosinthana, ena uku ena uko, ndipo mphamvu imawoloka nthawi yomweyo osasungidwa. Thiransifoma yake siifuna mpata. Wokonza akatenga ferrite yokhala ndi mpata n'kukulungirapo waya wa inverter, chipangizocho chimayamba kudya batire ngakhale pasanalumikizidwe babu n'limodzi lomwe.

Funso loti mpata ukufunika kapena ayi limavutitsanso anthu okonda kulankhulana pa mawailesi odzipangira okha. Ku Malawi kuno chilolezo chawo chimachokera ku MACRA, ndipo mayina awo apamphepo amayamba ndi 7Q. Ndi ochepa, moti anzawo a ku Ulaya ndi Japan amapikisana kuti amve liwu lochokera kuno pa 7 MHz kapena 14 MHz. Wongoyamba kumene, atamva zakukhuta kwa ferrite, amaganiza kuti thiransifoma ya wailesi yake yotumiza mawu ifunikanso mpata kuti ipirire mphamvu. Nthawi zambiri ayi. Thiransifoma ya pakati pa mathiranzisita ndi mlongoti ntchito yake ndi kuwolotsa mphamvu, ndipo imafuna kuti makoyilo awiri agwirane kwambiri ndi waya wochepa. Mpata umatsitsa inductance, mphamvu ya koyilo yotchinga magetsi ija, wokonza amakakamizika kuwonjezera waya, ndipo waya wochulukawo umasokoneza mafunde othamanga. Komanso pa liwiro la mamiliyoni pa sekondi, chimene chimayamba kuvuta ndi kutentha; ferrite imawotcha chala isanayandikire n'komwe kukhuta. Mankhwala ake ndi ferrite yokulirapo kapena ya mtundu woyenera, monga mphete za nambala 43 kapena 61 za kampani ya Fair-Rite, zimene zili ndi nickel. Ferrite ya m'tchaja, ya manganese ija, pa 14 MHz imangosandutsa mphamvu kukhala kutentha, kaya ili ndi mpata kaya ilibe.

Pali malo amodzi m'wailesi yotumiza mawu pamene mpata umafunikadi: m'makoyilo osefa mafunde, amene ayenera kukhazikika pa muyeso umodzi kunja kutenthe kapena kuzizire. Ngakhale apo sitipala kanthu. Timagwiritsa ntchito timphete ta ufa wachitsulo womatidwa ndi guluu, monga T50-2 yofiira ndi T50-6 yachikasu. Pakati pa kambewu kalikonse ka ufawo pali kampata kakekake, choncho mpata unamwazidwa kale m'mphete yonse.

Kwa mnyamata wapabenchi uja ndili ndi mawu ochepa. Akafuna kupanga mpata pa ferrite yosapalidwa poika kapulasitiki pansi pa miyendo yonse itatu, akumbukire kuti maginito amadumpha kawiri, pakati ndi m'mbali, ndiye kapulasitiki ka mamilimita 0.25 kamapereka mpata wa 0.5. Waya asaugundanitse ndi mpatawo, chifukwa maginito amatayikira m'mbali pamenepo n'kutenthetsa kopa. Ndipo ferrite yosweka, ngakhale aimate mwaluso chotani ndi super glue, imakhala ndi mpata watsopano umene palibe anauwerengera. M'tchaja mwina ingapitirire kugwira ntchito, poti mpata wa guluuwo ndi waung'ono poyerekeza ndi umene ulipo kale. Mu inverter kapena m'wailesi yotumiza mawu, kuli bwino abwerere m'katoni muja akafunefune ina yamphumphu.