Zipatala Zinagwirizana Kalembedwe ka Mitima Yoima

Mtima wa munthu ukaima mwadzidzidzi, madotolo ndi anamwino amalimbana kuti uyambenso kugunda. Nchito imeneyi ikatha, kaya wodwala wapulumuka kapena ai, pamatsala udindo wina waukulu, ndiwo kulemba zonse zimene zacitika.

Kale cipatala ciriconse cinali kulemba mwa njira yakeyake. Cina cinali kunena kuti munthu wapulumuka mtima ukangoyambanso kugunda, pamene cina cinali kuyembekeza kufikira atatuluka m'cipatala ali moyo. Kaamba ka ici, kunali kobvuta kuyerekeza ziwerengero za mizinda iwiri ndi kudziwa kumene nchito inali kuyenda bwino.

M'caka ca 1990 akatswiri a ku Ulaya ndi ku America anasonkhana pa nyumba yakale ya amonke ya Utstein, pafupi ndi mzinda wa Stavanger m'dziko la Norway. Malangizo amene anagwirizana anafalitsidwa mu 1991, ndipo amadziwika ndi dzina la Utstein kufikira lero. Oyambawo anali okhudza anthu ogwera kunja kwa cipatala. Okhudza odwala ogonekedwa anatuluka mu 1997.

Tsopano mafunso ndi amodzimodzi kulikonse kumene amatsata malangizowa. Kodi panali womuona pamene anagwa? Kodi wina anayamba kumukanikiza pacifuwa ambulansi isanafike? Panapita mphindi zingati? Kodi makina anaonetsa mtima wonjenjemera, umene ungadzutsidwe ndi magetsi, kapena woimiratu? Kodi patapita masiku 30 anali moyo, ndipo ubongo wake unali kugwira bwino? Mayankho onse amatumizidwa ku kaundula.

Phindu lake linaoneka ku Denmark, kumene kaundula wa dziko lonse anayamba mu 2001. Caka cimeneco, mwa anthu 100 ogwera kunja kwa cipatala, 21 okha ndiwo anathandizidwa ndi anthu amene anali pafupi. Kenaka maphunziro a cithandizo cimeneci anakhala lamulo kwa ana a sukulu ndiponso kwa ofuna laisensi ya galimoto. Pofika 2010 othandizidwa anafika 45, ndipo okhala moyo patapita masiku 30 anakwera kucokera pa 4 kufika pa 11 mwa 100.

Motero kalaliki wodzaza fomu mosamala akuthandiza kupulumutsa wodwala wa mawa.